Mbiri ya Makomiti Ounika Kafukufuku wa Zaumoyo m'Zambia, Kuchokera ku Ridgeway Kufika ku Mpanshya

Komiti younika kafukufuku wa zaumoyo ndi gulu la anthu ochepa amene amawerenga ndondomeko ya aliyense wofuna kufufuza pa anthu, pa magazi awo, pa makhololo awo kapena pa mafayilo awo akuchipatala, n'kugamula ngati ntchitoyo iyambe, ikonzedwe kaye, kapena ilekeke. M'dziko la Zambia komiti yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi University of Zambia Biomedical Research Ethics Committee, imene ambiri amangoitchula kuti UNZABREC. Ofesi yake ili ku Ridgeway mumzinda wa Lusaka, kufupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Pamwamba pa komitiyi ndi makomiti ena onse pali bungwe la boma la National Health Research Authority, mwachidule NHRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Anthu okhala m'makomitiwa ali ndi ntchito zawo kale: ena ndi madokotala, ena aphunzitsi a pa yunivesite, anamwino, maloya, atsogoleri a mipingo, enanso anthu wamba. Kuunikaku amakuchita mongodzipereka, pamwamba pa ntchito imene amadyera, ndipo akalandira kanthu kamakhala kaalawansi ka pa msonkhano basi. Popeza amene amawaweruza kawirikawiri ndi anzawo a pa ntchito, mabwana awo kapena ophunzira awo, gawo lalikulu la malamulo a makomitiwa limanena za oweruzawo eni ake: ndani alowe m'komiti, akhalemo mpaka liti, ndipo atuluke m'chipinda pa nkhani yotani.

Kufufuza pa anthu kunayamba m'dzikoli kalekale, komiti iliyonse isanaganiziridwe. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, John Stephens ndi Harold Fantham, anafotokoza za kachilombo katsopano koyambitsa kaodzera, kamene anakapeza m'magazi a mzungu wina amene anatenga matendawo ku chigwa cha Luangwa. Anakatcha Trypanosoma rhodesiense potengera dzina la dzikoli pa nthawiyo. Patangopita zaka ziwiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, akugwira ntchito m'chigwa chomwecho, anatsimikiza kuti ntchentche ya kashembe ndiyo imafalitsa kachilomboko. M'zaka zimenezo azachipatala a boma la atsamunda ankayenda m'midzi kupapasa anthu m'khosi, kuwabaya ndi kuwatenga magazi, ndipo midzi ina ankaisamutsa mokakamiza. Mwini thupi sankafunsidwa. Mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo n'kuwapopa magazi, zinafala ku Northern Rhodesia m'nyengo ya atsamunda yomweyo, ndipo wolemba mbiri Luise White anasonyeza m'buku lake la mu 2000 mmene mphekeserazi zinkayendera limodzi ndi ntchito zolimbana ndi kaodzera za m'ma 1930. Mantha amenewa sanathe ndi ufulu wa mu 1964. Mpaka lero wofufuza wofika kumudzi ndi majekeseni ndi timabotolo amafunsidwa kumene magaziwo akupita, ndipo yankho likachedwa, nkhani za usatana sizichedwa kubuka.

Ganizo loti wofufuza asadziweruze yekha linachokera kunja, ndipo linabadwa pa zoopsa. Mu 1947, pa mlandu wa madokotala a chipani cha Nazi amene ankayesera zinthu pa akaidi, oweruza a ku Nuremberg analemba mfundo khumi, yoyamba yake yonena kuti munthu azivomera yekha mwaufulu. Mu 1964 bungwe la madokotala la World Medical Association linagwirizana za Chikalata cha Helsinki. Zikalata ziwirizi zinkadalirabe chikumbumtima cha dokotala mwini. Mu 1966 Henry Beecher wa ku Harvard anasindikiza nkhani yotchula zitsanzo 22 za kafukufuku amene madokotala olemekezeka anaika odwala pachiswe eni ake osadziwa, ndipo chaka chomwecho yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg inakhazikitsa komiti yake, imodzi mwa zoyambirira mu Africa. Mu 1972 zinaululika kuti ku Tuskegee, m'dziko la America, amuna akuda 399 odwala chindoko anawasiya dala osawachiritsa kwa zaka 40, ngakhale penisilini atapezeka, kuti aone mmene matendawo amawonongera thupi. Choncho pamene Chikalata cha Helsinki chinkakonzedwanso ku Tokyo mu 1975, munalowa mfundo yatsopano yoti ndondomeko ya kafukufuku izipita kaye kwa komiti yoima payokha. Lipoti la Belmont la mu 1979 linasanja mfundo zitatu zimene makomiti amayendera mpaka pano: kulemekeza munthu, kumuchitira zabwino popewa kumuvulaza, ndi chilungamo posankha amene asenze chiopsezo ndi amene adzadye phindu.

Ku Zambia makomiti oyamba anamera mkati mwa mabungwe awiri amene ankachita kafukufuku wambiri. University of Zambia, mwachidule UNZA, inayamba kuphunzitsa mu 1966, ndipo sukulu yake ya udokotala inakhazikika ku Ridgeway, ophunzira ake n'kumaphunzirira ntchito pa UTH. Ku Ndola, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mogwirizana ndi boma linayambitsa Tropical Diseases Research Centre, mwachidule TDRC, mu 1975, kuti izifufuza za malungo, likodzo, kaodzera ndi matenda ena a m'madera otentha. Lamulo la mu 1982 linaisandutsa bungwe la boma la Zambia. Mabungwe onse awiri anakhala ndi makomiti awo ounika, koma makomitiwo analibe lamulo lawolawo la ku Nyumba ya Malamulo loti aimirepo. Mphamvu ankaibwereka kwa bungwe limene linawabala, kwa opereka thandizo akunja amene ankakana kutulutsa ndalama popanda kalata ya komiti, ndi kwa magazini a sayansi amene ankakana kusindikiza zotsatira popanda kalata yomweyo. Munthu wongobwera, kutenga zimene akufuna n'kukwera ndege, panalibe lamulo lapadera lomugwira.

Edzi inachulukitsa ntchito. Wodwala woyamba anadziwika m'dzikoli mu 1984, ndipo pofika m'ma 1990 Lusaka unali umodzi mwa mizinda imene ofufuza a m'mayiko ambiri ankathamangirako. Zambart inayamba ngati mgwirizano wa sukulu ya udokotala ya UNZA ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine pofufuza za chifuwa chachikulu ndi HIV. Zambia-Emory HIV Research Project inayamba mu 1994, ikugwira ntchito ndi mabanja amene mmodzi ali ndi kachilombo pamene mnzake alibe. Bungwe linanso lofufuza, la CIDRZ, linatsatira mu 2001. Mapepala ofika ku komiti ya pa yunivesite anachuluka ndiponso anasintha mtundu: pambali pa kakafukufuku ka wophunzira mmodzi, kunayamba kubwera zimabuku zokhuthala zolembedwa ku London, ku Atlanta kapena ku Birmingham, zokhudza anthu zikwizikwi ndi ndalama zankhaninkhani. Kafukufuku wolipiridwa ndi boma la America ankafunanso kuti komiti ilembetse ku ofesi ya boma limenelo ndi kulonjeza kutsata malamulo ake. N'chifukwa chake pamwamba pa makalata a UNZABREC pamakhala manambala a kaundula wa ku America.

Nkhani ziwiri za m'ma 1990 zinagwedeza makomiti a mu Africa monse. Mu 1996, mliri wa matenda oumitsa khosi utavuta ku Kano m'dziko la Nigeria, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan m'kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira, ndipo pambuyo pake zinamveka kuti kalata yosonyeza chilolezo cha komiti inalembedwa ntchito itatha kale n'kuikidwa deti lakumbuyo. Mu 1997 madokotala awiri a ku America, Peter Lurie ndi Sidney Wolfe, anadzudzula kafukufuku wochitika m'mayiko osauka amene amayi ena oyembekezera okhala ndi HIV ankapatsidwa mankhwala ongoyerekezera opanda mphamvu, chonsecho zinali zitadziwika kale mu 1994 kuti mankhwala a AZT amateteza ana ambiri kuti asatenge kachilombo kwa amayi awo. Mkanganowu unali waukulu, ndipo akatswiri ena a mu Africa anaikira kumbuyo kafukufukuyo ponena kuti ankafuna njira yotsika mtengo imene mayiko awo akanakwanitsa. Koma onse anagwirizana pa chimodzi, choti mayiko olandira kafukufuku akhale ndi makomiti awo olimba. Mu 2000 WHO inatulutsa malangizo a kayendetsedwe ka makomitiwa, n'kuwakonzanso mu 2011. Malangizo amenewa, pamodzi ndi malamulo a mayiko onse oyesera mankhwala otchedwa Good Clinical Practice a mu 1996, ndiwo maziko a malamulo amene makomiti a ku Zambia amadzilembera.

Lamulo loyamba ndi la kapangidwe ka komiti. Ikhale ndi anthu osachepera asanu. Mmodzi akhale munthu amene ntchito yake si ya sayansi, ndipo mmodzi akhale wosalembedwa ntchito ndi bungwe limene likuchita kafukufuku. WHO imaonjezera kuti mukhale amuna ndi akazi, a maphunziro osiyanasiyana, ndi munthu wamba woyankhulira dera. Munthu wamba ameneyu ena amamuona ngati wongodzazitsa mpando, koma ntchito yake ndi yeniyeni. Ndi iye amene amawerenga fomu yopempha chilolezo n'kunena kuti mayi wa kumudzi sangamve chiganizo ichi, kapena kufunsa chimene mapulofesa amachidumpha chifukwa anachizolowera, monga kuchuluka kwa magazi otengedwa kwa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Vuto lake limadziwika: munthu wopanda digiri amaopa kutsutsa pulofesa pamaso pa anzake, ndipo komiti imene wapampando wake sapereka mpata kwa munthu wotere imakwaniritsa lamulo papepala pokha.

Msonkhano sugamula kanthu anthu asanakwane chiwerengero chimene malamulo a komitiyo anaika, ndipo kukwanako sikuwerenga mitu kokha. Chipinda chikadzaza ndi madokotala okhaokha, kapena amuna okhaokha, kapena ogwira ntchito pa bungwe lomwelo okhaokha, malangizo a WHO amati msonkhanowo sunakwane. Amavota ndi okhawo amene awerenga mapepala ndi kukhala nawo pa zokambirana. Katswiri woitanidwa kudzathandiza pa nkhani yovuta amapereka nzeru zake koma savota. Makomiti ambiri amayesetsa kaye kumvana onse, voti n'kubwera pokhapokha akalephera kumvana.

Lamulo lovuta kwambiri kulisunga m'dziko la akatswiri ochepa ndi la membala amene nkhani ikumukhudza. Pa bwalo la mfumu, nduna imene mphwake ali pa mlandu siikhala pakati pa oweruza, ndipo pano n'chimodzimodzi. Membala amene ali m'gulu la ofufuzawo, amene akuyang'anira wophunzira mwini kafukufuku, amene amalandira ndalama kwa kampani yolipira ntchitoyo, kapena amene ali pa mpikisano ndi wopemphayo, amanena poyera msonkhano usanayambe. Akhoza kuyankha mafunso akafunsidwa, koma pogamula amatuluka panja, ndipo mlembi amalemba m'maminitsi kuti watuluka. Kunena n'kosavuta. Ku Lusaka odziwa za kachilombo kamodzi akhoza kukhala anthu atatu, onse odziwana, ophunzira kwa mphunzitsi mmodzi ndiponso opempha ndalama ku thumba limodzi. Pali kukondera kwina kumene palibe fomu yokulembapo: kafukufuku wamkulu amabweretsa malipiro, magalimoto, makina a mu labotale ndi mwayi wa maphunziro ku yunivesite imene imalipira mamembala ambiri a komiti, ndipo kumukana kumafuna mtima. Mpando wa munthu wakunja kwa bungwe unaikidwira zimenezi.

Membala aliyense amasaina lonjezo losunga chinsinsi, chifukwa mapepala amene amawerenga muli nzeru za anthu zosasindikizidwa, ndipo nthawi zina muli nkhani za odwala. Dzina lake ndi ntchito yake, mosiyana ndi zimenezo, siziyenera kubisika. Amasankhidwa kwa nthawi yoikika, ndipo mamembala amasinthidwa pang'onopang'ono kuti odziwa ntchito asachoke onse pamodzi, komanso kuti komiti isasanduke munda wa anthu omwewo. Wojomba misonkhano kawirikawiri popanda chifukwa, kapena woulula chinsinsi, amachotsedwa. Chigamulo chimaperekedwa polemba, ndi zifukwa zake: kuvomereza, kuvomereza wofufuza akakonza zakutizakuti, kubweza kuti alembenso, kapena kukana. Kukaniratu kumachitika mwa apo ndi apo. Ntchito yaikulu ya komiti ili pa kubweza mapepala kuti akonzedwe. Kafukufuku wopanda chiopsezo chenicheni, monga kuwerenga mafayilo akale opanda mayina, amaunikidwa mwachangu ndi wapampando kapena mamembala ochepa. Mapepala onse amasungidwa zaka zosachepera zitatu ntchito itatha.

Kalata yovomereza ya UNZABREC imakhala ya chaka chimodzi. Imanena kuti chilolezocho ndi cha ndondomeko imene komiti yawerenga, kotero wofuna kusintha kalikonse abwerenso. Kuti wotenga nawo mbali akavulala kwambiri kapena kumwalira komiti idziwitsidwe msanga. Kuti wofuna kupitiriza chaka chikatha apereke lipoti. Ndi kuti zotsatira zomaliza zifike ku komiti.

Ofufuza amalipira kuti mapepala awo aunikidwe, ophunzira zochepa, mabungwe akunja zambiri. Ndalamazi zimayendetsa ofesi, ndipo lamulo ndi loti malipiro asadalire chigamulo. Mu 2007 Nancy Kass ndi anzake anasindikiza zimene anapeza pa makomiti 12 a m'mayiko 9 a mu Africa, ndipo mavuto amene anatuluka anali ndalama zochepa, maphunziro osakwanira a mamembala, ndi kulephera kutsatira kafukufuku akavomerezedwa. Maphunziro apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo kudzera m'mapologalamu monga SARETI ya ku South Africa ndi ya Johns Hopkins ndi Fogarty, imene inagwirizana ndi UNZA, komanso maphunziro a pa intaneti. Nthawi ndiyo sinachuluke. Dokotala wochoka mu wodi madzulo ndi amene amakawerenga ndondomeko ya masamba mazana usiku, ndipo dandaulo la ofufuza loti komiti imachedwa limachokera pamenepa.

Nkhani imene inafikitsa zonsezi m'makutu a anthu wamba inachitikira ku Mazabuka. Kafukufuku wotchedwa MDP 301, wolipiridwa ndi boma la Britain, ankayesa mankhwala opaka otchedwa PRO 2000 kuti aone ngati angateteze amayi ku HIV. Amayi 9,385 analowa m'kafukufukuyu ku South Africa, Tanzania, Uganda ndi Zambia. Zotsatira zinatuluka mu Disembala 2009: mankhwalawo sankavulaza, koma sankatetezanso. Amayi ena anatenga kachilombo kafukufuku ali mkati, m'gulu lolandira mankhwala enieni ndi m'gulu lolandira ongoyerekezera momwe, ngakhale onse ankapatsidwa makondomu ndi uphungu. Ku Zambia nkhaniyi inamveka mwina. Manyuzipepala ndi mawailesi anadzaza ndi mawu oti amayi a ku Mazabuka anapatsidwa kachilombo, ndipo Mfumu Mwanachingwala inali m'gulu la odzudzula kwambiri. Kafukufukuyo anali ndi zilolezo zake. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti kalata yosainidwa ku Lusaka sinali yokwanira kukhazika anthu mtima pansi, ndipo panalibe bungwe limodzi lokhala ndi mphamvu ya lamulo loti liyankhe m'dzina la dziko.

Ntchito yokonza zimenezi inali itayamba kale. Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa komiti yolangiza za kafukufuku mu 1998, ndipo ndondomeko ya dziko ya kafukufuku wa zaumoyo inatuluka mu 2010. Mapeto ake anali National Health Research Act, lamulo nambala 2 la mu 2013. Lamuloli linakhazikitsa NHRA, ndipo pansi pake linaika National Health Research Ethics Board, imene imalembetsa ndi kuvomereza makomiti onse ounika, kuwaikira muyezo, ndi kumva madandaulo. Kuyambira pamenepo, kufufuza pa anthu popanda chilolezo ndi mlandu. Lamuloli limakhudzanso kusunga magazi ndi zina zotengedwa m'thupi, kuzitumiza kunja, ndi kufufuza za mankhwala achikuda, nkhani imene inali yotentha chifukwa cha mankhwala a zitsamba monga a Ludwig Sondashi amene ankanenedwa kuti amathandiza pa HIV. Limafunanso kuti ofufuza ochokera kunja agwire ntchito ndi mnzawo wa ku Zambia. Chaka chomwecho lamulo nambala 3 linakhazikitsa ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, limene limaperekanso chilolezo chake pa kuyesa mankhwala kulikonse. Makomiti anachuluka: UNZA ili ndi ena a maphunziro a chikhalidwe cha anthu ndi a sayansi zina, TDRC inali ndi yake kale, Macha Research Trust ku chigawo cha kummwera ili ndi yake, mayunivesite atsopano a udokotala ali ndi awo, ndipo ERES Converge ku Lusaka ndi komiti yosakhala ya boma. Kuchulukaku kunachepetsa mzere, koma kunabweretsa chiyeso choti wokanidwa kuno akayese uko, ndipo kutseka mpata umenewu ndi ntchito imodzi ya bodi ya dziko. Malawi anayenda njira yofanana: National Health Sciences Research Committee inayamba mu 1988, ndipo COMREC ya pa College of Medicine ku Blantyre inatsatira mu 1996.

Mmene malamulowa amagwirira ntchito zimaoneka bwino kutali ndi Ridgeway. Mpanshya ili m'boma la Rufunsa, limene linadulidwa ku Chongwe mu ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata, makilomita oposa 150 kummawa kwa Lusaka potsata msewu wa Great East. Kuli chipatala cha mishoni cha St Luke's cha mpingo wa Katolika, chokhala ndi sukulu ya anamwino. Kummwera kuli nkhalango ya Lower Zambezi, kumpoto chigwa cha Luano, ndipo kashembe ndi nyama zakutchire zikadalipo, kotero Rufunsa ndi limodzi mwa maboma ochepa a Zambia kumene kaodzera amapezekabe. Wofufuza wofuna kugwira ntchito kumeneko amayamba ndi komiti, kenako NHRA, ndi ZAMRA ngati pali mankhwala. Kalata ya NHRA imamulamula kudziwitsa akuluakulu a zaumoyo a chigawo ndi a boma limene akukagwirako. Akafika, amapempha kwa oyendetsa chipatala, amakaonekera kwa Mfumu Mpanshya ndi kwa mafumu a m'midzi, ndipo amakumana ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi. Kulumpha mfumu n'kudziphera ntchito. Koma malamulo amanenetsa kuti chilolezo cha mfumu chimangotsegula njira yolowera m'mudzi. Sichilowa m'malo mwa kuvomera kwa munthu mwini, monganso mawu a mwamuna salowa m'malo mwa mawu a mkazi wake, ngakhale mayiyo ali ndi ufulu wokafunsa kaye kunyumba.

Fomu yopempha chilolezo ndi chikalata chimene komiti imachiwerenga mosamala kuposa china chilichonse. Iyenera kukhala m'chilankhulo cha anthu a kumaloko. Zilankhulo zimene boma la Zambia limagwiritsa ntchito m'zigawo ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo cha chigawo cha Lusaka ndi Chinyanja. Chisoli, chimene ambiri ku Rufunsa anayamwira, sichili m'gululo, kotero nkhalamba ina imamva fomu kudzera mwa womasulira amene komiti sinamuonepo. Wosadziwa kulemba amadinda chala, pali mboni yosakhala m'gulu la ofufuza imene yamva zonse zikuwerengedwa. Mwana amamuvomerera makolo kapena omulera, koma wamkulupo amafunsidwanso yekha. Ndalama yobwezera thiransipoti komiti imaiyeza: ikachepa, wosauka akulipirira kafukufuku wa eni ake, ikachuluka, m'nyengo ya njala munthu amavomera ndalamayo osati kafukufuku. Pepala limodzi limatsala ndi munthuyo, ndipo pansi pake pamakhala nambala ya foni ya ofesi ya komiti kuti wodandaula aimbe. M'mudzi mmene netiweki imapezeka pa chulu ndipo mayunitsi ndi ndalama ya mchere, njira imeneyi ndi yopapatiza.

Pa chipatala cha mishoni pali vuto linanso. Wopempha chilolezo akavala yunifomu yofanana ndi ya namwino amene anachiritsa mwana wa munthuyo chaka chatha, kukana kumamveka ngati kusayamika, ndipo ambiri amaganiza kuti chilichonse chochitika m'chipatala ndi chithandizo. Fomu iyenera kunena momveka kuti wokana adzathandizidwa monga mwa masiku onse, ndipo Chikalata cha Helsinki chimati wodwala akakhala wodalira dokotala wofufuzayo, apemphe chilolezo ndi munthu wina. Pa kaodzera nkhaniyi imakula. Matendawa akalowa mu ubongo, wodwala amasokonezeka ndipo sangavomere yekha, kotero amavomera ndi wachibale, mwini wake n'kudzafunsidwanso akatsitsimuka. Kwa zaka zambiri wodwala wotere ankatengedwa madzi a pamsana, ndipo mankhwala ake anali melarsoprol, okhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 aliwonse. Mapiritsi a fexinidazole anayesedwa pa kaodzera wa mtundu wa rhodesiense ku Rumphi m'Malawi ndi ku Lwala m'Uganda, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linawavomereza. Odwala a ku Rufunsa angapindule ndi zimene anthu a ku Rumphi anavomera, ndipo apa n'pamene pamaonekera kuti komiti yongokana chilichonse nayonso imavulaza anthu.

Magazi otengedwa ku Mpanshya sathera komweko. Labotale ya chipatala cha kumudzi imaona kachilombo pa maikulosikopu, koma kuyeza kozama kumachitikira ku Lusaka, monga ku sukulu ya madokotala a ziweto ya UNZA imene yagwira ntchito kwa zaka zambiri ndi yunivesite ya Hokkaido ya ku Japan, ndipo nthawi zina kunja kwa dziko. Kutumiza kunja kumafuna pangano lolembedwa ndi chilolezo cha NHRA, lonena zimene zikutumizidwa, ntchito yake, ndi chimene chidzachitike ndi zotsala. Mwini magazi ayeneranso kuuzidwa pa fomu ngati adzasungidwa ndi ngati adzatuluka m'dziko. Kalata ya NHRA imafunanso kuti lipoti lomaliza lidutse ku bungweli lisanafalitsidwe, kenako liperekedwe kwa akuluakulu a zaumoyo a chigawo ndi a boma kumene ntchito inachitikira. Ofufuza ena amadandaula kuti zimenezi zimachedwetsa ndipo zikhoza kutsekereza zotsatira zosakomera boma. Oikira kumbuyo lamuloli amakumbutsa za Mazabuka.

Mbali yofooka kwambiri ikadali kuyendera kafukufuku akayamba. Malamulo amapatsa komiti mphamvu yopita kumalo, kuona mafomu osainidwa, kucheza ndi otenga nawo mbali, ndi kuimitsa ntchito. Koma ulendo wa ku Rufunsa umafuna galimoto, mafuta ndi tsiku lathunthu la anthu amene ali ndi odwala ndi makalasi owadikira, kotero komiti imadalira kwambiri malipoti olembedwa ndi ofufuza eni ake. Kafukufuku wamkulu amakhala ndi magulu a anthu a m'dera olangiza ofufuza, monga zinalili pa PopART, amene anachitika m'madera 12 a Zambia ndi 9 a South Africa kuyambira 2013 mpaka 2018. Kafukufuku wamng'ono wa wophunzira wa digiri yachiwiri, amene ndiye wofala pa zipatala za kumidzi, alibe zoterezi.

Malamulo akusinthabe. Data Protection Act ya mu 2021 inaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, ndipo makomiti tsopano amafunsa kumene mayankho olembedwa pa foni kapena pa kompyuta akukasungidwa ndi amene angawaone. Mu 2024 World Medical Association inakonzanso Chikalata cha Helsinki. Chikalata chatsopanochi chimati komiti ikhale ndi chuma ndi anthu okwanira ntchito yake, mamembala ake adziwe bwino za kumalo kumene kafukufuku akuchitikira, mukhale munthu wamba mmodzi kapena kuposerapo, ndipo kafukufuku wa mayiko angapo avomerezedwe ndi makomiti a dziko lolipira ndi a dziko lolandira.